Akakuimbirani n'kutchula dzina lanu lonse

Ndimagwira ntchito m'kakontena kotumizira ndalama pafoni, ndipo anthu oberedwa akafika pa zenera langa funso lawo limakhala limodzi: "Nanga dzina langa analidziwa bwanji?" Mayi ena ogulitsa tomato, makasitomala anga akalekale, anabwera m'mamawa maso ali psuu. Munthu anawaimbira, anatchula mayina awo onse awiri ndi boma lakwawo, n'kuwauza kuti akaunti yawo ikutsekedwa pokhapokha awerenge manambala amene alowa pa meseji. Anawerenga. Mpamba wonse wa geni unathera pomwepo.

Wakubayo sanalodze munthu ayi. Mbiri yathu ili m'makompyuta a anthu ambiri: mabanki, sukulu, zipatala, makampani a ngongole, masamba a pa intaneti. Akuba akathyola makompyutawo, kapena wantchito wina akagulitsa mndandanda mwamseri, mayina ndi manambala athu amayamba kuyenda m'manja mwa anthu osawadziwa. Mu April 2021 mbiri ya anthu 533 miliyoni a pa Facebook ochokera m'mayiko 106 inatayidwa poyera, muli manambala a foni, mayina ndi komwe amakhala. Achibale athu a ku Joni akumbukira za Experian, kampani yosunga mbiri ya ngongole za anthu, mu 2020: munthu anangodzionetsa ngati kasitomala weniweni, napatsidwa mbiri ya anthu pafupifupi 24 miliyoni. Sanathyole kanthu, anachita kupempha.

Zotuluka sizibwerera, ndipo tsiku lobadwa simungalisinthe. Choti muchite n'kutseka makomo amene wakuba angalowere ndi mbiriyo.

Yambani ndi imelo, chifukwa mukaiwala password ya Facebook kapena ya kubanki, yatsopano imadzera kumeneko. Lembani imelo yanu pa haveibeenpwned.com, tsamba laulere limene Troy Hunt wa ku Australia anatsegula mu 2013, ndipo likuuzani ngati inapezeka m'mbiri zobedwa. Ipezeke isapezeke, ngati password yanu ndi imodzimodzi paliponse, isintheni lero, akaunti iliyonse ikhale ndi yakeyake. Mawu anayi osagwirizana mutawalumikiza amavuta kulota kuposa dzina la mwana wanu. Mukaopa kuiwala lembani m'kope lokhala kunyumba, osati m'foni momwemo.

Kenako WhatsApp. Lowani pa Settings, Account, Two-step verification, n'kuika manambala 6 anuanu. Akuba amakonda kulanda WhatsApp n'kuyamba kupempha ndalama za maliro kapena za kuchipatala kwa abale anu m'dzina lanu, ndipo abale amatumiza chifukwa chithunzi n'chanu.

Za PIN ndiye ndimachita kutopa nazo. Anthu ambiri amaika chaka chobadwa, pomwe chakacho chalembedwa pa chiphaso cha unzika chimene amachionetsa paliponse. Ena amandipatsa foni n'kunena mokweza, pamzere pali anthu, kuti "achimwene ingolembani, ndi 1985". Ine ndimakana, ena amakwiya nazo. Sinthani PIN ya Airtel Money, Mpamba ndi ya kubanki, ndipo manambala obwera pa meseji musawerengere munthu aliyense, ngakhale atalankhula mwaulemu chotani. Wakampani weniweni safunsa PIN. Dulani foniyo, muimbe nokha pa nambala ili kuseri kwa khadi lanu la ATM, kapena pitani ku ofesi.

Chizindikiro china chimene anthu amachinyozera ndi netiweki. Foni yanu ikangoti zii pomwe a pafupi nanu, a kampani yomweyo, akuimba bwinobwino, mwina wina wakatenga SIM yatsopano ya nambala yanu m'dzina lanu, ndipo mameseji onse a kubanki akupita kwa iye. Musadikire mawa. Nyamulani chiphaso mupite ku ofesi ya kampaniyo, ndipo banki muiuze tsiku lomwelo kuti iyambe yatseka akaunti.

Si zonse zimabedwa pa kompyuta. Tsiku lina ndinagula mandasi atakulungidwa m'pepala lokhala ndi fotokope ya chiphaso cha munthu, nkhope ndi nambala zili mbee. Kuyambira pamenepo, fotokope iliyonse imene ndikupereka ndimalemba modutsa pakati pake tsiku ndi ntchito yake, mwachitsanzo "ya lendi ya nyumba basi". Zoonongeka pa makina ndimazitenga n'kukazing'amba ndekha.

Ngati ndalama zapita kale, musafufute mameseji. Sungani nambala imene inaimba, nthawi yake ndi nambala ya transaction, mupite nazo ku kampani ndi kupolisi mukatenge lipoti. Ku Malawi lamulo loteteza mbiri ya anthu linakhazikitsidwa mu 2024, ndipo dandaulo lokhudza bungwe losasamala mbiri yanu mutha kukalitula ku MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti. Mayi a tomato aja tinawasinthira PIN pa zenera pomwepo, ndipo ulendo uno analemba okha, ine nditayang'ana kumbali.