Kawerengedwe ka Ntchito za Mabanki Zobisika m'Chiwongoladzanja

Banki imalipiritsa makasitomala m'njira ziwiri. Ina ndi yoonekera, monga ndalama yodula pa ATM. Ina imabisala m'chiwongoladzanja: wobwereka amalipira chokwera, wosungitsa amalandira chotsika. Owerengera chuma cha dziko amatcha malipiro obisikawa FISIM (Financial Intermediation Services Indirectly Measured), ndipo kawerengedwe kake kali m'malamulo a System of National Accounts a 2008. Ku Malawi ntchitoyi ndi ya National Statistical Office ku Zomba, pogwiritsa ntchito ziwerengero za ku Reserve Bank of Malawi.

Yambani ndi kusankha mlingo wapakati wa chiwongoladzanja, wopanda mtengo wa ntchito mkati mwake. Ambiri amatenga mlingo womwe mabanki amabwerekana okhaokha. Musausokoneze ndi reference rate imene mabanki amalengeza mwezi ndi mwezi. Dzina m'Chingerezi n'lofanana, koma iyo ndi poyambira chiwongoladzanja cha ngongole za makasitomala.

Kenako pezani avareji ya ngongole ndi ya ndalama zosungitsidwa m'chaka chonse. Chiwerengero cha pa 31 Disembala chokha chimanamiza, makamaka kuno komwe ndalama zimadzaza m'mabanki nyengo yogulitsa fodya. Chiwongoladzanja chikhale chimene chinayenera kulipidwa m'chakacho, osati chimene chinalowadi m'thumba.

Tiyerekeze: ngongole ndi K100 biliyoni pa 30%, zosungitsa ndi K150 biliyoni pa 10%, mlingo wapakati ndi 22%. Ku ngongole, 30 kuchotsa 22 kutsala 8%, yomwe ndi K8 biliyoni. Ku zosungitsa, 22 kuchotsa 10 kutsala 12%, K18 biliyoni. Zonse pamodzi K26 biliyoni. Mukangochotsa K15 biliyoni yolipira osungitsa pa K30 biliyoni yolandira, mupeza K15 biliyoni, ndipo mwalakwa. Ma treasury bills ndi ma bond, omwe ndi zikalata za ngongole zogulitsidwa pamsika wa ndalama, musawaphatikizemo. FISIM imakhudza ngongole ndi zosungitsa basi.

Chovuta chenicheni ndi kugawa FISIM pakati pa magulu a makasitomala, chifukwa ndi pomwe GDP, mtengo wa zonse zopangidwa m'dziko, imasinthira. Gawo la makampani ndi zolowa pa kapangidwe ka katundu, choncho silikweza GDP. Gawo la mabanja limakweza, kupatula ngongole yogulira nyumba yokhalamo eni ake ndi ya bizinesi ya pakhomo, zomwe zimawerengedwa ngati za bizinesi. Mayi wobwereka kuti aonjezere katundu mu golosale yake si wogula wamba, ngakhale akaunti ili m'dzina lake. La boma limakwezanso, poti ntchito za boma zimayezedwa potengera ndalama zomwe zagwiritsidwa ntchito pozigwira. La anthu okhala kunja ndi malonda otumiza kunja.

Maakaunti a madola afunika mlingo wawo wapakati. Mukawayeza ndi wa kwacha mupeza manambala opanda pake, ena otsika kuposa ziro. Pochotsa mphamvu ya kukwera mitengo, gawani ngongole ndi zosungitsa ndi mlingo wa mitengo, kenako muchulukitse ndi kusiyana kwa chiwongoladzanja ndi mlingo wapakati kwa chaka choyambira kuwerengera, osati kwa chaka chino.