Momwe Mungazindikirire Nyongolotsi Zobulungira M'thupi la Nsomba

Gwiritsani ntchito nsomba yomwe yangofa kumene, chifukwa ikakhalitsa nyongolotsi zina zimachoka pamalo pomwe zinali, ndipo malo omwe mwaipeza nyongolotsi ndiwo umboni woyamba wa mtundu wake. Musanaitumbule, yang'anani potulukira chimbudzi. Mukaona tiulusi tofiira titatulukira kunja ndipo tikubwerera m'kati mukatikhudza, n'kutheka kuti ndi nyongolotsi yotchedwa Camallanus.

Mukatumbula, funafunani m'mimba, pachiwindi, mozungulira mtima ndi m'mnofu. Nyongolotsi yobulungira imakhala yosalala, yopanda mfundo, ndiponso yosongoka mbali zonse ziwiri, pomwe yaphanthiphanthi yokhala ndi zigawo ndi ya gulu lina. Yofiira kwambiri, yaitali, yodzipinda m'kathumba ka m'mnofu nthawi zambiri imakhala Eustrongylides. Yoyererako yopezeka pakati pa ziwalo za m'mimba imakhala Contracaecum, yomwe imakakhwimira m'mimba mwa mbalame zodya nsomba monga vuwo. Mu nsomba za m'nyanja zamchere mumapezeka Anisakis, yotalika masentimita 2 kapena 3, yodzikulunga ngati nkhata, ndipo iyo imakakhwimira mwa anamgumi.

Pomwe ine ndinalakwitsa ndi posunga nyongolotsizo. Ulendo woyamba ndinaziika m'madzi wamba, ndipo zina zinafufuma n'kuphulika. Zotsalazo ndinaziponya mu sipiriti wozizira, ndiye zinauma zili zopindika, moti pagalasi la maikulosikopu mutu ndi mchira zinkangosanjikana ndipo sindinathe kuona chilichonse. Choyenera ndi kuzitsuka m'madzi a mchere, magalamu 9 pa lita imodzi, kenako n'kuziika mu sipiriti wa 70 peresenti wotenthetsedwa, chifukwa kutenthako kumaziwongola. Sipiriti amayaka msanga, choncho viikani botolo lake m'madzi otentha, osaliika pamoto. Samalaninso ndi ogulitsa ena omwe amathira madzi mu sipiriti koma chizindikiro cha pabotolo osachisintha. Ndinagulapo wotere pothamangira kutchipa, ndipo patatha masabata awiri nyongolotsi zonse zinali zitafewa ngati phala.

Kuti muone za m'kati, isiyeni nyongolotsiyo mu glycerine, mankhwala amadzimadzi onanda, mpaka za m'kati mwake ziyambe kuonekera. Ena amafulumiza ndi mankhwala ena otchedwa lactophenol, koma amenewa amawotcha khungu la munthu. Pa maikulosikopu, yang'anani pomwe kholingo la nyongolotsiyo limalumikizana ndi matumbo: Contracaecum imakhala ndi timphanda tiwiri, kena koloza kumutu ndipo kena kumchira, pomwe Anisakis ilibe timphandati. Camallanus imadziwika ndi kamwa lolimba lofiirira lokhala ndi timizere, ndipo mazira ooneka ngati mgolo wotsekedwa mbali zonse ziwiri amasonyeza Capillaria.

Pakapepala ka m'botolo lembani ndi pensulo mtundu wa nsomba, chiwalo ndi tsiku, popeza inki imasungunuka mu sipiriti. Nyongolotsi zosakhwima zimakufikitsani pa dzina la gulu lokha, ndipo kuti mudziwe mtundu weniweni pamafunika kuyeza DNA ku labotale.