Kupha mavailasi m'madzi a suweji: malangizo a kasewenzetsedwe ka klolini

Malangizo aya ni a eni nyumba komanso osamalila masukulu na machechi mu Harare, pamene paipi ya suweji yaphulika kapena cimbudzi casefukila pabwalo. M'madzi otelo mumapezeka mavailasi a hepatitis A, rotavirus na poliyo. Kacilombo ka poliyo kanapezeka m'suweji ya mumzinda uno kumapeto kwa 2023.

Coyamba, valani magolovesi na magambuti. Ana akhale kutali.

Musathile mankhwala a klolini pamwamba pa zonyansa zimene zaunjikana. Ambili amalakwitsa pamenepa. Klolini imathela mphamvu pa ndowe, matope na zinyalala isanafike pa mavailasi, ndipo fungo lake limakunamizani kuti malo ayela. Yambani mwakokolola zonyansazo na fosholo, muzifocele m'dzenje kutali na citsime, mutsuke malowo na sopo. Mukatelo m'pamene muthile mankhwala.

Sungunulani klolini mu baketi ya pulasitiki, osati ya citsulo, kuti mphamvu yake ikhale 0.5%. Ngati muli na Jik ya 3.5%, kapu imodzi isakanizidwe na makapu 6 a madzi. Ngati muli na HTH (klolini ya ufa) ya 70%, thilani supuni yaikulu imodzi, pafupifupi magalamu 15, m'malita 2 a madzi. Yang'anani pa botolo, cifukwa mphamvu zimasiyana. Nyowetsani malo onse, muwasiye maminetsi 30 musanatsukuluze. Mavailasi opanda cikuto ca mafuta, monga hepatitis A, ni ouma mutu, safa mwamsanga.

Musasakanize klolini na mankhwala a asidi otsukila cimbudzi kapena a ammonia. Mpweya umene umatuluka umapsyeleza mapapo. Tsegulani mawindo. Zosungunula zatsala mutaye tsiku lomwelo, cifukwa dzuwa na kutentha zimazifooketsa.

Okhala na septic tank asathilemo mankhwala ambili, angaphe mabakiteliya amene amaoletsa zonyansa. Komanso musakankhile suweji m'ngalande za madzi a mvula. Ngalandezo zimathila m'mitsinje ya Mukuvisi na Marimba osadzela ku Firle kapena Crowborough kumene suweji imayeletsedwa, ndipo mitsinje imeneyi imakathela m'nyanja ya Chivero, kumene malo oyeletsela madzi akumwa a Morton Jaffray amatunga madzi a m'mipope yanu.

Paipi yophulika mukaineneze ku ofesi ya khonsolo ya m'dela lanu. Mukavula magolovesi, sambani m'manja na sopo.