Momwe Mungakonzere Nyumba Yogulitsa Popanda Kutaya Ndalama

Anthu ambiri akaganiza zogulitsa nyumba amathamangira kukagula matailosi onyezimira ndi penti wa mitundu yowala, poyesa kuti kukongola ndiko kumakweza mtengo. Komatu munthu amene akuyendera nyumba ku Area 25 ku Lilongwe, ku Chilomoni ku Blantyre kapena ku Katoto ku Mzuzu amakhala akuwerengetsera mumtima ndalama zimene adzawononge akadzalowamo, ndipo vuto lililonse limene waona amalichotsera pa mtengo wanu, kawirikawiri mopitirira ndalama zenizeni zokonzera vutolo. Chigwere mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera kwambiri, kotero ndalama zokonzera nyumba ziyenera kuyamba kupita pa zinthu zimene zimachititsa mantha wogula, ndipo zokometsera zidze pambuyo.

Choyamba, dziwani mtengo umene nyumba za m'dera lanu zikupita. Itanani katswiri wovomerezeka woyerekeza mitengo ya nyumba musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, chifukwa wogula amene akudalira ngongole ya kubanki adzapatsidwa ndalama molingana ndi lipoti la katswiri wotere, osati molingana ndi malisiti anu. Dera lililonse lili ndi malire ake. Nyumba ya ku Machinjiri mutaikongoletsa kuti ifanane ndi za ku Namiwawa, idzagulidwabe pa mtengo wa ku Machinjiri, popeza msewu, madzi ndi nyumba zoyandikana nazo simungazisinthe.

Chachiwiri, longosolani mapepala. Izi sizioneka ngati kukonza nyumba, koma malonda ambiri amafera pamenepa. Onetsetsani kuti title deed, chikalata chosonyeza mwini wa malo, ili m'dzina lanu, kuti mulibe ngongole ya lendi ya malo ku Unduna wa Zamalo kapena ku Malawi Housing Corporation ngati malowo ndi awo, ndiponso kuti msonkho wa khonsolo ya mzinda ndi mabilu a madzi mwalipira. Ngati munawonjezera zipinda popanda pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, pitani mukafunse njira yokonzera zimenezo nthawi ikadalipo, chifukwa wogula wochenjera kapena loya wake adzayerekeza nyumbayo ndi pulani yake.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ndalama zanu zimabwerera kwambiri, limbanani ndi madzi a mvula. Kwerani m'siling'i masana, dzuwa likuswa mtengo, muone pamene pakulowa kuwala, muyang'anenso mitengo ya denga ngati siinafumbwe kapena kudyedwa ndi chiswe. Nthawi zambiri denga lonse silifunika kusasulidwa. Kusintha malata ochepa amene achita dzimbiri, kukhomanso misomali yolekera ndi kukonza pamtanda pa denga kumakwanira. Ngati malata ambiri atha, gulani okhuthala, ndipo kumbukirani kuti nambala ya geji ikachepa ndiye kuti lata ndi lokhuthala, kutanthauza kuti la geji 28 ndi lolimba kuposa la geji 32. Mukatha kutseka podontha, sinthani mabolodi a siling'i amene ali ndi mabanga a madzi. Kungowapaka penti sikuthandiza, chifukwa bangalo limatulukiranso, ndipo wogula akaliona amayamba kukayikira nyumba yonse.

Mukatsika padenga, yang'anani pansi. Madzi ogwa kuchokera pa malata asamaime m'mbali mwa khoma, choncho thirani konkire mozungulira nyumba, motsetserekera kunja, ndi kukumba ngalande yotulutsira madzi kunja kwa mpanda popanda kuwalozetsa kwa mnansi wanu. Chichitikire namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anagumula nyumba zambiri ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, ogula a ku Blantyre amafunsitsa za kumene madzi amadzera, makamaka pa nyumba za pamtsetse. Ming'alu nayo njosiyana. Ting'onoting'ono ta pa pulasitala mmisiri angathe kumata tsiku limodzi, koma mng'alu umene ukuyenda mopingasa kuchokera pa ngodya ya zenera kapena chitseko, n'kumakula chaka ndi chaka, umasonyeza kuti maziko akusuntha, ndipo umafunika injiniya. Kuubisa ndi pulasitala n'kudziitanira mlandu pambuyo pogulitsa. Chiswe chikapezeka, thirani mankhwala m'mbali mwa maziko ndi kusintha mafelemu odyedwa.

Ntchito zonsezi zichitike pakati pa August ndi October, mvula isanayambe, kuti pulasitala aume bwino. Ubwino wina ndi wakuti mvula yoyamba ikagwa mu November mudzadzionera nokha ngati dengalo lasiyadi kudontha.

Chachinayi, konzani za madzi a m'mipopi ndi magetsi. Mpopi wodontha, chimbudzi chosagujumula bwino ndi fungo lochokera ku septic tank ndi zinthu zimene wogula amazindikira m'mphindi zochepa, pamene kuzikonza sikudya ndalama zambiri. Popani septic tank ngati yadzaza, ndipo sinthani zivundikiro zosweka. M'madera amene madzi a Lilongwe Water Board kapena Blantyre Water Board amavutavuta, thanki yosungira madzi ndi chinthu chimodzi mwa zochepa zatsopano zimene ndingalimbikitse munthu kugula, chifukwa ogula amaifunsa okha. Ingosamalani ndi nsanja yake: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero thanki ya malita 2,000 ikadzaza imasenzetsa nsanjayo matani awiri, ndipo zitsulo zowotcherera mwachidule sizingapirire. Kumbali ya magetsi, mawaya akale, masoketi othimbirira ndi utsi ndi mawaya ongolumikiza kupita ku nyumba ya kuseri ziyenera kuonedwa ndi mmisiri amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Ngati pamalopo pali nyumba ziwiri, mita ya ESCOM yakeyake pa nyumba iliyonse imakopa wogula amene akufuna kudzachititsa lendi.

Chachisanu ndi mpanda ndi geti. M'mizinda yathu nyumba yopanda mpanda imachedwa kupeza wogula, ndipo amene wabwera amachotseratu ndalama za mpandawo. Ngati ulipo kale, wongolani pamene papendekeka, siyani timabowo totulutsira madzi m'munsi mwake kuti usadzagwe m'dzinja, ndipo geti lizitseguka popanda kulinyamula. Ngati mukumanga watsopano, tsatirani mabikoni, zizindikiro za malire a malo anu, ndendende, chifukwa mpanda wolowa m'malo a msewu kapena a mnansi umasanduka mkangano umene wogula safuna kuulandira.

Chachisanu ndi chimodzi, lowani m'khitchini ndi m'bafa, koma dzanja likhale lolimba pa thumba. Sinthani sinki yochita dzimbiri, zitseko za makabati zofufuma ndi madzi, mipopi ndi matailosi osweka okha. Kugumula khitchini yonse kuti muike ya mtengo wapatali sikubweza ndalama zake kawirikawiri, popeza mayi kapena bambo amene adzagule nyumbayo ali ndi zokonda zakezake, ndipo mwina adzachotsa zimene inu mwavutikira. N'chimodzimodzinso siling'i ya gypsum yokhala ndi mababu a mitundumitundu, dziwe losambiramo ndi matailosi a maluwamaluwa. Nyumba ya kuseri, imene ambiri amaitcha boys' quarter, ndi nkhani ina: ngati ilipo kale ndipo yangotsala kumalizidwa, imalizeni, chifukwa wogula amaiwerengera ngati lendi ya mwezi ndi mwezi, koma kuyamba kuimanga kuchokera pa maziko pamene mukufuna kugulitsa msanga n'kumangirira ndalama zimene mwina simudzaziona zonse.

Penti abwere pomalizira penipeni, fumbi la amisiri litatha. Sankhani woyera kapena wotuwira pang'ono m'nyumba monse, pakani mafelemu a mazenera ndi zitsulo zotchingira akuba, sinthani magalasi osweka, kenaka lambulani pabwalo ndi kuchotsa zidutswa za njerwa ndi mchenga wotsala.

Pa ntchito yonseyi, gwirizanani ndi mmisiri polemba papepala, mugule nokha zipangizo ngati mungathe, ndipo muzimulipira pang'onopang'ono malinga ndi gawo limene wamaliza. Sungani malisiti ndi zithunzi zosonyeza momwe denga, mapaipi ndi mawaya zinalili musanakonze ndi momwe zilili tsopano, chifukwa zimenezi ndi ntchito zobisika zimene wogula sangazione ndi maso. Mukamapereka nyumbayo kwa ejenti, mupatseni makope a mapepalawo pamodzi ndi lipoti la katswiri uja, ndipo mugwirizane naye polemba za ndalama yake asanabweretse munthu woyamba kudzaona nyumba.