Mmene mungatetezere TiAl kuti okosijeni asaidye ikatentha kwambiri

TiAl, alloy (chisakanizo cha zitsulo) ya titanium ndi aluminium, ndi yopepuka, kulemera kwake ndi pafupifupi theka la ma superalloy a nickel (zitsulo zopirira moto kwambiri), n'chifukwa chake kampani ya GE inaika Ti-48Al-2Cr-2Nb (TiAl yothiramo chromium ndi niobium pang'ono) pa ma blade akumapeto a turbine ya GEnx, injini ya ndege ya Boeing 787. Koma moto ukangofika 750 kapena 800°C zinthu zimasokonekera. Titanium ndi aluminium onse amalimbirana okosijeni, ndiye mmalo moti pamwamba pamere khungu la alumina (Al2O3) lokhalokha lotseka bwino, pamatuluka chisakanizo chokhala ndi TiO2 (oxide ya titanium) yambiri yomwe okosijeni amangodutsamo, kenako mu mpweya wamba naitulojeni nayenso amalowerera n'kupanga TiN (titanium nitride) pansi pake. Ntchito yanu yonse ndi yoti alumina ipambane basi.

Yambani ndi alloy yeniyeniyo. Niobium amathandiza kwambiri, 5 mpaka 10 at% (ma atomu 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse), tungsten, molybdenum ndi silicon pang'ono nawonso amathandiza. Chromium ngwachinyengo, akakhala wochepa ngati 2% amangoonjezera vuto, amayamba kuthandiza akafika cha ku 8%, koma pofika apo chitsulo chayamba kale kuphweka kusweka. Vanadium musiyeni.

Ine njira yomwe ndimaikonda ndi ya fluorine, yomwe gulu la Michael Schütze ku DECHEMA, bungwe lofufuza la ku Frankfurt, Germany, linaifufuza zedi. Mumaika fluorine pang'ono pamwamba, kaya ndi ion implantation (kuombera ma ion a fluorine m'chitsulo), kaya kupopera polymer ya fluorine, kaya kuviika mu asidi wa HF (hydrofluoric acid) wosungunula kwambiri, kenako n'kulowetsa mu ng'anjo cha ku 900°C. Fluorine uja amagwira aluminium n'kukhala nthunzi, nthunziyo ikukwera mu timing'alu imakumana ndi okosijeni n'kusanduka alumina pomwepo, ndiye khungu limatsekeka lokha ndipo limatha kupirira mpaka cha ku 1050°C. Muyezo ndiye nkhani, wochepa sagwira ntchito, mukachulutsa titanium nayenso amayamba kunyamuka ndipo zimaipa kuposa poyamba. HF si wosewera naye aise, amalowa pakhungu mpaka ku mafupa, magolovesi oyenera, fume hood (kabati yokoka mpweya woipa) ndi calcium gluconate (mankhwala opaka HF akakugwerani) zikhale pafupi musanatsegule botolo.

Coating nayo ilipo. Pack aluminizing (kutenthetsa chitsulo chili mu ufa wokhala ndi aluminium) imapereka TiAl3 yomwe imapanga alumina bwino koma imang'aluka msanga, coating ya Ti-Al-Cr ndiyabwinoko.

Poyesa musangosiya sampulo mu ng'anjo maola 1000 n'kumasangalala. Ilowe, ituluke, izizire, ilowenso, chifukwa injini imayaka n'kuzima ndipo pozizira m'pamene khungu limasupuka ngati nkhoko m'poto. Ikani mu crucible (kambiya kopirira moto) ya alumina kuti tizidutswa togwa muyezenso pa sikelo, lembani kusintha kwa kulemera mu mg/cm², kenako dulani sampulo muone pa SEM (maikulosikopu ya ma electron) ngati aluminium watha pansi pa khungulo. Ndipo sampulo itazizira ikokeni pa tensile test kuti muone mmene ikutamukira, TiAl imatamuka 1 kapena 2% yokha ili yatsopano, okosijeni akalowa mkati ngakhale kochepako kamatha.