Momwe Mungamvetserere ndi Kuweruza Chimbale Chatsopano cha Gulu Lakale la Rock

Gulu la nyimbo za rock limene lakhala likuimba kwa zaka 40 kapena 60 likatulutsa chimbale chatsopano, anthu amagawanika msanga, nthawi zina asanamve ngakhale nyimbo imodzi. Ena amati akuluakulu abweranso ndi mphamvu zawo zakale, pamene ena amati akanangopuma kuti mbiri yawo isade. Magulu onsewa amakhala akuweruza dzina la oimbawo, chimbale chili apo. Amene akufuna kudziwa ngati ntchitoyo ndi yabwino ayenera kuyamba ndi mafunso wamba: anali mu situdiyo ndani, anajambula liti, anatsogolera ndani, ndipo khutu likumva chiyani.

Choyamba, ndemanga za atolankhani ziikeni pambali kaye, muwerenge mndandanda wa amene anagwira ntchito pa nyimbo iliyonse. Mndandandawu umapezeka pachikuto cha chimbale ndiponso m'mapulogalamu ambiri omvetsera nyimbo pa intaneti. Gulu lakale kawirikawiri limafika mu situdiyo lili ndi mipata, chifukwa ena anamwalira, ena akudwala, ndipo ena anakangana pa nkhani ya ndalama. Mmene gululo latsekera mipatayo ndi mmenenso chimbale chimamvekera. The Rolling Stones, gulu limene linayambira ku London mu 1962, linatulutsa Hackney Diamonds pa 20 Okutobala 2023, ndipo ichi chinali chimbale chake choyamba cha nyimbo zopeka lokha chitulutsireni A Bigger Bang mu 2005. Woimba ng'oma wawo, Charlie Watts, anamwalira mu Ogasiti 2021, choncho ng'oma zambiri m'chimbalechi anaimba ndi Steve Jordan. Watts akumveka m'nyimbo ziwiri zokha, "Mess It Up" ndi "Live by the Sword", zimene anajambula mu 2019, ndipo m'nyimbo yachiwiriyi mulinso Bill Wyman, woimba gitala ya besi amene anachoka m'gululi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Munthu wosadziwa zimenezi angayamikire kapena kudzudzula munthu wolakwika.

Magulu ena anachita mosiyana. Black Sabbath itajambula chimbale chotchedwa 13, chimene chinatuluka mu Juni 2013, Ozzy Osbourne anali kuimba m'chimbale cha mu situdiyo cha gululi koyamba kuchokera mu 1978, koma woimba ng'oma Bill Ward sanakhalepo chifukwa sanagwirizane pa kontirakiti, ndipo m'malo mwake munalowa Brad Wilk wa gulu la Rage Against the Machine. Pa nthawi yomweyo woimba gitala Tony Iommi anali kulandira chithandizo cha khansa. AC/DC inatulutsa Power Up mu Novembala 2020, patadutsa zaka zitatu woimba gitala Malcolm Young atamwalira, komabe dzina lake lili pa nyimbo zonse monga wopeka nawo, chifukwa mng'ono wake Angus anagwiritsa ntchito tizidutswa ta nyimbo timene awiriwo anasunga kalekale. Pink Floyd inapita patali kuposa apa: The Endless River cha mu 2014 chinamangidwa pa zimene gululi linajambula cha mu 1993, makamaka pofuna kulemekeza woimba kiyibodi Richard Wright amene anamwalira mu 2008, ndipo pafupifupi chonse mulibe mawu oimbidwa. Kudandaula kuti chimbale chimenechi chilibe nyimbo zoti munthu n'kuimba nawo n'kufunsa chinthu chimene eni ake sanalonjeze.

Mukadziwa oimba, fufuzani za pulojusa, amene amatsogolera ntchito yonse yojambula. Pa gulu lachinyamata pulojusa amaphunzitsa, koma pa gulu lakale ntchito yake yaikulu imakhala kulimba mtima n'kuuza anthu otchuka kuti nyimbo iyi sinapse, bwerezaninso. Andrew Watt, amene anatsogolera Hackney Diamonds, anabadwa mu 1990, pamene Mick Jagger ndi Keith Richards a The Rolling Stones anali ndi zaka zoposa 45, ndipo anakula akumvetsera nyimbo zawo. Pulojusa wotere amadziwa bwino chimene okonda gululo amafuna kumva, ndipo apa ndi pamene pali ubwino wake komanso ngozi yake, pakuti akhoza kudzutsa gulu limene linali kuodzera, koma akhozanso kulichititsa kuti lizingodzitsanzira lokha. Rick Rubin, pulojusa wa 13, anachita zofanana kwa Black Sabbath pamene anawauza kuti amvetserenso chimbale chawo choyamba cha mu 1970 asanayambe kupeka. Mukamamvetsera 13, dzifunseni pa nyimbo iliyonse ngati mukumva maganizo atsopano ovala zovala zakale, kapena zovala zokhazo. Ine ndimaona kuti m'chimbale chimenechi muli zonse ziwiri, ndipo theka lake ndi limene limayenera kubwerezedwa.

Tsopano mvetserani, ndipo chitani zimenezi katatu pa masiku osiyana.

Ulendo woyamba imbani chimbale chonse motsatira ndondomeko imene eni ake anaika, osadumpha nyimbo ndiponso osalola pulogalamu kusakaniza. Oimba amene anakulira m'nthawi ya mbale za vinyl amaganizabe za mbali yoyamba ndi mbali yachiwiri, ndipo amaika nyimbo yamphamvu poyambira, yodekha pakati, kenako ina yotsekera imene imanena zimene zili kumtima kwawo. Musalembe chilichonse. Mukamaliza, dikirani tsiku limodzi, muone kuti ndi nyimbo ziti zimene zikubwera zokha m'mutu mwanu.

Ulendo wachiwiri ndiye wofunika kwambiri, ndipo umafuna mahedifoni abwino kapena masipika amene sawonjezera besi. Sankhani chida chimodzi n'kuchitsatira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndi bwino kuyamba ndi ng'oma chifukwa ndi zimene zimaulula msanga ngati gulu likuimbira pamodzi. Charlie Watts anali ndi chizolowezi chodziwika: pomenya ng'oma yaing'ono yotchedwa snare, ankanyamula ndodo ya dzanja lamanja osagunda timbale tachitsulo ta hi-hat, moti pamalo amenewo pankatsala kampata kamene kankachititsa kuti snare imveke yokha, yowuma ndi yoyera. Imbani "Mess It Up", kenako imbani nyimbo ina iliyonse imene muli Steve Jordan, amene amamenya molemera ndi molunjika. Kusiyana kwake kumamveka ngakhale kwa munthu amene sanagwirepo ndodo za ng'oma. Cholinga si kunena kuti wina aposa mnzake, koma kuzindikira kuti gulu lasintha kayendedwe, ndipo magitala ayenera kupeza malo atsopano. Mukatero tsatirani gitala ya Richards, amene nthawi zambiri amachotsa nsambo yachisanu ndi chimodzi n'kutsala ndi zisanu zochunidwa mwa njira yakeyake, ndipo muone mmene amalukirana ndi woimba gitala mnzake Ronnie Wood, mpaka nthawi zina osadziwa kuti akutsogolera ndani.

Pomaliza pake tsatirani mawu a woimba. Mawu a munthu amatsika ndi kuuma akamakula, ndipo zimenezi si cholakwa. Chimene muyenera kufufuza ndi mmene gulu lachitira nazo. Ena amatsitsa nyimbo kuti woimba asavutike, ena amaunjika mawu ojambulidwa kangapo pamwamba pa anzake, ndipo ena amakonza mawuwo ndi kompyuta mpaka kuchotsa kupuma ndi kunjenjemera konse. Njira yomalizayi ndi imene imandikhumudwitsa, chifukwa munthu wa zaka 80 akamamveka wosalala ngati wa zaka 25, chimbale chataya chinthu chimodzi chimene gulu lachinyamata silingakhale nacho. Alendo oitanidwa muwayese ndi muyezo womwewo. M'chimbale cha Hackney Diamonds muli Paul McCartney, Elton John, Stevie Wonder ndi Lady Gaga; funso ndi lakuti, mukanapanda kuwerenga mayinawo, kodi mukanamva kuti m'nyimbomo mwalowa munthu wina amene wasintha kanthu?

Ulendo wachitatu ndi woyesa kamvekedwe. Pa gawo lomaliza la ntchito, pamene mawu akusakanizidwa ndi kukonzedwa kuti apite kumsika, akatswiri akhoza kupanikiza nyimbo kuti malo odekha ndi malo aphokoso amveke mofanana, n'cholinga choti nyimboyo imveke yokwera kuposa zina. Zotsatira zake n'zakuti ng'oma zimaphwatalala ndipo makutu amatopa msanga. Nkhani yotchuka ndi ya Death Magnetic, chimbale chimene Metallica inatulutsa mu Sepitembala 2008, nachonso motsogozedwa ndi Rubin: okonda gululi anapeza kuti nyimbo zomwezo zinkamveka bwino m'masewera a pakanema a Guitar Hero kusiyana ndi pa CD, chifukwa za m'masewerazo sizinapanikizidwe motero. Chimbale cha 13 nachonso chinadandaulidwa pa chifukwa chomwechi. Kuti muyese nokha, tsitsani voliyumu mpaka pamene mungathe kulankhula ndi munthu popanda kukweza mawu, ndipo mumvetsere pamene nyimbo ikuchoka pa vesi kulowa pa kolasi. Ngati kolasiyo ikutseguka ndi kukula, nyimboyo ili ndi mpweya. Ngati zonse zikumveka ngati khoma limodzi lathyathyathya, vuto lili pa kakonzedwe, ndipo musaliike pamutu pa opeka nyimbo. Anthu ambiri amakana chimbale chabwino chifukwa cholephera kusiyanitsa zinthu ziwirizi.

Pofananitsa, musayambe ndi chimbale chimene chinatchukitsa gululo. Mumachikonda pamodzi ndi zaka zimene munali nazo pochimva koyamba, ndipo palibe nyimbo yatsopano imene ingapikisane ndi unyamata wanu. Yambani ndi zimbale ziwiri kapena zitatu zomaliza, zimene anajambula ali kale akuluakulu. Pa The Rolling Stones, ikani Hackney Diamonds pambali pa A Bigger Bang, chimene chili ndi nyimbo 16, pamene Hackney Diamonds chili ndi 12 zokha, ndipo mudzaona phindu la kudula. Ikaninso pambali pa Blue & Lonesome cha mu 2016, chimene anajambula m'masiku atatu okha akuimba nyimbo za blues za anthu ena.

Mukamaliza zonsezi, ndiye tsegulani ndemanga ndi ziwerengero, koma muziwerenge mochenjera. Kukhala pa nambala 1 sabata yoyamba kumasonyeza kukhulupirika kwa okonda gulu, amene amagula CD ndi vinyl, ena mpaka makope angapo a zikuto zosiyana, asanamve zimene zili mkati. Hackney Diamonds chinafika pa nambala 1 ku United Kingdom ndi pa nambala 3 ku United States, ndipo mu Febuluwale 2025 chinalandira mphoto ya Grammy ya chimbale chabwino cha rock. Chimbale cha 13 chinafika pa nambala 1 m'mayiko onse awiriwo. Zimenezi ndi zoona, koma sizikuuzani ngati nyimbo yachisanu ndi yabwino. Samalaninso ndi mawu amene olemba ndemanga amakonda, akuti ichi ndi chimbale chawo chabwino koposa chitulutsireni chakutichakuti, pakuti mawu amenewa amalembedwa pafupifupi nthawi iliyonse gulu lakale likatulutsa chimbale. Nthawi zinanso mkwiyo wa anthu sukhudza nyimbo n'komwe. Mu Sepitembala 2014 kampani ya Apple inaika chimbale cha U2 chotchedwa Songs of Innocence m'maakaunti a iTunes a anthu pafupifupi 500 miliyoni popanda kuwafunsa, ndipo madandaulo anachuluka mpaka kampaniyo inakonza njira yochichotsera. Amene akuwerenga zimene zinalembedwa nthawi imeneyo ayenera kupatula zodandaula za kagawidwe ndi zonena za nyimbo zenizenizo.

Umboni wodalirika umabwera mochedwa. Pakatha chaka kapena ziwiri, onani mndandanda wa nyimbo zimene gululo likuimba m'makonsati ake, muwerenge kuti zatsopano zatsalamo zingati. Oimba amaona ndi maso awo pamene anthu akukhala pansi kapena kutuluka kukagula zakumwa, ndipo nyimbo imene sikugwira amaichotsa mwakachetechete. Nanunso bwererani ku chimbalecho pakatha miyezi isanu ndi umodzi, phokoso la otsatsa malonda litazilala, ndipo ulendo uno yambirani ku nyimbo yomaliza. Pa Hackney Diamonds yomalizayo ndi "Rolling Stone Blues", nyimbo ya woimba blues Muddy Waters imene gululi linatengako dzina lake. Mulibe ng'oma, mulibe alendo. Muli Jagger ndi mawu ake ndi hamonika, ndi Richards ndi gitala yake. Imvetsereni voliyumu ili pansi, mutsatire pamene wina akudikira mnzake asanalowe m'mzere wotsatira.