Momwe mungaperekere maganizo pa malo ofufuzira za nyukiliya

Malawi alibe ng'anjo ya nyukiliya yochitira kafukufuku ngati SAFARI-1 ya ku Pelindaba, ku South Africa, yomwe yakhala ikugwira ntchito kuyambira mu 1965, komabe nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa miyala ya yureniyamu, yomwe imagwiritsidwa ntchito m'ng'anjo zoterezi, idakumbidwapo ku Kayelekera, m'boma la Karonga, kuchokera mu 2009 mpaka 2014. Nzika zimalowererapo chifukwa zinyalala zina za nyukiliya zotulutsa cheza (mphamvu yosaoneka yomwe ingawononge thupi) zimakhalabe zoopsa kwa zaka mazanamazana, ndipo amene adzamwe madzi a pafupi ndi malowo ndi ana athu.

Mukamva kuti malo otere akufuna kumangidwa, kaya ku Chirimba kaya ku Chigumula, yambani mwapeza lipoti lounika momwe ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu. Lamulo la zachilengedwe la 2017 lidapereka udindo woyang'anira malipoti amenewa ku bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA, pomwe chilolezo chogwiritsa ntchito zipangizo za cheza chimachokera ku bungwe loyang'anira za nyukiliya la AERA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Lipotilo limakhala lalitali komanso la Chingerezi chovuta, choncho pemphani mphunzitsi wa sayansi kuti akutambasulireni, makamaka gawo la zinyalala, limene ine ndimaliona kukhala lofunika koposa.

Pa msonkhano womva maganizo a anthu pa ntchitoyo, funsani kumene zinyalalazo zidzasungidwe, amene adzalipire malowo akadzatsekedwa, ndiponso momwe anthu oyandikana nawo adzachenjezedwere pakagwa ngozi. Maganizo anu muwalembenso m'kalata, mupereke ina kwa khansala wa dera lanu, ina musunge nokha, popeza mawu apakamwa sachedwa kuiwalika.